Popita ku Dar es Salaam Musaike Mtima Wonse pa Foni

Wolemba Mtolankhani Wathu

CAKA ndi caka, cimanga, nshawa ndi thonje zikagulitsidwa ndipo ndalama zikalowa m'nyumba, anthu ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa amayamba kulingalira za ulendo wa ku Dar es Salaam, mzinda waukulu wa dziko la Tanzania umene uli m'mbali mwa nyanja ya mcere. Ena amapita kukagula nsalu, nsapato ndi ziwiya za m'nyumba zodzagulitsa pa misika ya Chipata, Katete ndi Petauke. Ena amapita kukalandira galimoto imene yatsika m'combo pa doko. Aliponso owerengeka amene amangofuna kukaona ndi maso ao madzi aja anawamva kwa aphunzitsi, madzi opanda tsidya.

Masiku ano wapaulendo ali yense amanyamuka ndi foni m'thumba, ndipo ambiri a ife tafika pokhulupirira kuti kanthu kameneka ndiko cikwama ca ndalama, ndiko mapu, ndikonso womasulira cinenero. Inenso ndinali wokhulupirira wotere kufikira pamene ndinaperekeza mlongo wanga ku mzindawo kukagula zitenje. Zimene tinaona kumeneko, zokoma ndi zowawa zomwe, ndizo ndifuna kuuza awerengi amene ali kukonzekera ulendo womwewo.

Ubale wa dziko lathu ndi mzinda umenewu si wa lero ai. Pamene Ian Smith analengeza ufulu wace wopanduka ku Rhodesia pa 11 November 1965, njira za kum'mwera, zimene mkuwa wathu unali kutulukira ndi mafuta kulowera, zinakhala pangozi. Zambia anaceukira kumpoto. Malole anayamba kututa mafuta m'migolo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wa fumbi ndi matope umene unatenga miyoyo ya oyendetsa ambiri. Mu 1968 paipi ya mafuta ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, inafika ku Ndola. Mu October 1970 nchito yomanga njanji ya TAZARA inayambika ndi cithandizo ca dziko la China, monga anafunira a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere, ndipo mu 1975 njanji ya makilomita 1,860 inalumikiza Kapiri Mposhi ndi nyanja. Motero munthu wa ku Zambia akaima pa doko limenelo sali pa malo acilendo kweni-kweni. Ali pa khomo limene dziko lace linatulukirapo pa nthawi ya msautso.

Mzindawo unayamba ngati kamudzi ka asodzi kochedwa Mzizima. M'zaka za m'ma 1860 mfumu ya ku Zanzibar, Sultan Majid bin Said, anayamba kumangapo nyumba napatsa malowo dzina la Ciluya lotanthauza malo a mtendere. Ajeremani anaikapo likulu lao mu 1891. Mu 1973 anthu a Tanzania anagamula zosamutsira likulu ku Dodoma, ndipo lero Boma liri kumeneko, koma malonda sanasamuke. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa mamiliyoni 5 mu Dar es Salaam, ndiko kunena kuti kuposa kuwirikiza kawiri anthu onse a m'Cigawo ca Kum'mawa. Mlimi wozolowera kupatsa moni ali yense wokumana naye pa njira ayenera kudziwiratu zimenezi.

NJIRA NDI MALIRE

Njira yodziwika ndi ya basi kucokera ku Lusaka, kudzera Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka kufikira pa Nakonde, mtunda wa makilomita ngati 1,000. Mukaoloka mwalowa mu Tunduma, ndipo patsala ulendo wina wotalika cimodzi-modzi: Mbeya, Iringa, kutsetsereka mapiri a Kitonga, kupyola m'nkhalango ya nyama ya Mikumi momwe nyamalikiti ndi mbidzi zimaoneka pa windo la basi, kenaka Morogoro ndi Chalinze. Werengerani masiku awiri pa njira, mwina kuposerapo. Anthu a ku Chipata ndi Lundazi ali ndi njira inanso yodzera pa Mwami, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, nalowa mu Tanzania pa mtsinje wa Songwe, koma iyi iri ndi malire awiri ndi ndalama za mitundu itatu.

Sitima ya TAZARA ndiyo yokondweretsa, ngakhale imayenda mwa ufulu wace. Mu 2020, cifukwa ca mliri wa Covid-19, sitima ya anthu inaleka kuoloka malire, ndipo kucokera pamenepo ndandanda yace yasinthidwa kangapo. Ndisananyamuke ndinafunafuna pa intaneti ndi kupeza ndandanda zitatu zosiyana, iri yonse yooneka ngati ya lero, pakuti pa intaneti nkhani yakale siikalamba kapena kufiira monga pepala. Wofuna sitima afunse pa siteshoni, kwa munthu wa maso ndi pakamwa.

Nzika ya Zambia yopita kukaceza siifunika visa ngati siikhala kuposa masiku 90, koma pasipoti ikhale yosatha nthawi, ndipo muyang'ane masiku amene wa pa malire wakulemberani, pakuti amene alembedwawo ndiwo anu. Musanacoke kwanu funsani ku cipatala za makhadi a katemera amene angafunidwe pa malire. Majumbo a pulasitiki analetsedwa mu Tanzania kuyambira pa 1 June 2019, cotero mangani katundu wanu m'citenje kapena m'cola ca nsalu. Ndalama ya kumeneko ndi shilingi, ndipo malamulo a mu March 2025 amati malonda a m'dzikomo azilipiridwa m'shilingi basi. Pepala lalikulu koposa ndi la 10,000, motero ndalama ya katundu wocepa imadzaza dzanja. Anyamata osintha ndalama pa malire amadziwa bwino kuti mlendo amasokonezeka ndi maziro ambiriwo. Sinthani ku banki kapena pa ofesi yobvomerezeka, ndipo werengani musanacoke pa windo.

Pali nkhani ya nthawi imene yasiyitsa ambiri basi. Tanzania ali patsogolo pathu ndi ola limodzi: pamene kuno iri 7 koloko, uko iri 8. Kuonjezera apo, m'Ciswahili maola amawerengedwa kuyambira pa kutuluka kwa dzuwa. Wogulitsa tikiti akanena kuti "saa moja asubuhi," mau ace ati ola loyamba, koma atanthauza 7 koloko m'mawa. "Saa sita" ndi 12 koloko, ndipo "saa kumi na mbili" ndi 6 koloko. M'pempheni akulozereni pa wochi. Foni nayo imaonjezera cisokonezo, pakuti mukayandikira Nakonde ingathe kugwira mlongoti wa tsidya lija musanaoloke, ndi kudzisinthira nthawi yokha osakuuzani.

MADZI OCOKA NDI KUBWERA

Mabasi ambiri ocokera kutali amathera pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, imene inatsegulidwa mu 2021 ndipo iri kutali ndithu ndi pakati pa mzinda. Yesetsani kufika kukali kowala. Angwangwazi a kumeneko sasiyana ndi athu a ku Lusaka: wina agwira cola, wina dzanja, onse akulonjezani malo ogona abwino. Kanani mwaulemu. M'mzindamo muli timabasi tochedwa daladala, njinga zamoto za miyendo itatu zochedwa bajaji, ndi za miyendo iwiri zochedwa bodaboda. Kuyambira mu 2016 mulinso mabasi akulu-akulu a mwendokasi, amene ali ndi mseu wao-wao kucokera ku Kimara kufikira ku Kivukoni, m'mbali mwa nyanja. Amadzaza kwambiri m'mawa ndi madzulo, koma amadutsa mzere wa magalimoto umene ungakudyereni theka la tsiku.

Kutentha kwa kumeneko si kwa ku Luangwa kumene kumaumitsa khungu. Ndi kutentha kwa cinyezi, kotulutsa thukuta ngakhale usiku, makamaka kuyambira December kufikira March. Mvula yaikulu imagwa kuyambira March kufikira May, ndipo mtsinje wa Msimbazi ukasefukira pa dambo la Jangwani mseu waukulu umatsekeka. Miyezi yabwino ndi June kufikira September, ndipo mwamwai ndiyo miyezi imene mlimi ali ndi ndalama ndi mpata. Udzudzu ulipo caka conse. Gonani m'neti.

Wafika ku Dar es Salaam osapita ku Kivukoni m'mamawa sanaone mzindawo. Pamenepo pali msika wa nsomba, ndipo dzuwa likamatuluka m'madzi, pakuti kumeneko limatulukadi m'madzi, ngalawa zimakoceza ndi nsomba zimene ife a kumtunda tiribe maina ace. Zina n'zazitali ngati munthu. Pali nkhanu zazikulu ngati mbale, ndi cinyama ca miyendo isanu ndi itatu cimene iwo amati pweza. Nsomba zimagulitsidwa mopikisana mitengo, azimai ndi azibambo atazinga thebulo, ndipo pafupi pomwepo ena amakazinga zimene mwagula. Mlongo wanga anakana pweza kwa mtu wa galu, koma atapeza tinsomba tochedwa dagaa anamwetulira nati uyu ndi kapenta wabvala dzina lina.

Pafupi ndi msikawo pali pantoni yoolotsa anthu kupita ku Kigamboni. Ulendo wace ndi wa mphindi zowerengeka ndipo mtengo wace ndi wocepa, koma uli pakati pa madzi umaona doko lonse, ndi zombo zazitali kuposa nyumba za mu Cairo Road zikulowa pa kamtsinje kopapatiza. Kucokera mu 2016 kulinso mlato wa Nyerere, wa mamita 680, wa amene ali ndi galimoto. Cenjezo ndi lakuti nyumba ya Mtsogoleri wa dziko, imene amati Ikulu, iri m'dera lomwelo. Musajambule nyumbayo, doko, asilikali kapena apolisi, ndipo munthu wamba mumpemphe musanamloze ndi foni.

Za nyanja yeniyeniyo ndiyenera kunenapo mosamala, pakuti ife tinakulira pa mitsinje ndi madamu. Madzi a mcere amacoka ndi kubwera kawiri pa tsiku. M'mawa mungapeze mcenga wokha-wokha ndi ngalawa zitagona cammbali ngati ng'ombe zodwala, madzi ali kutali. Mlendo amakopeka kutsata madziwo akutola zigoba. Koma akamabwera safuula, ndipo amadzaza maenje a kumbuyo kwanu musanazindikire. Yang'anani zimene eni dziko ali kucita: akayamba kubwerera kumtunda, bwererani nao. Ku Coco Beach, kumene mabanja amasonkhana Loweruka ndi Sabata kudya cinangwa cokazinga ndi kumwa madzi a kokonati yaiwisi ochedwa madafu, sambani pamene pali anthu, ndipo kukada cokaniko. Wofuna kuolokera ku Zanzibar, ulendo wa maola ngati awiri pa boti lothamanga, agule tikiti pa windo la ofesi osati kwa munthu wa pa mseu, atenge pasipoti, ndipo afunsiretu za inshuwalansi imene alendo akunja anayamba kulipira pa cisumbuco mu October 2024.

Okonda mbiri akaone cipilala ca Askari pakati pa mzinda, cimene cinaimikidwa mu 1927 kukumbukira anthu akuda a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ku Makumbusho kuli mudzi wosungirako miyambo, womangidwa nyumba za mitundu yosiyana-siyana ya m'dzikomo. Angoni a kwa Mpezeni adzakondwa kudziwa kuti ali ndi abale ao mu Tanzania, Angoni a ku Songea.

KARIAKOO

Ambiri a ife timapitira Kariakoo. Dzinali ndi mau a Cingelezi akuti Carrier Corps opindidwa ndi lilime la Ciswahili, pakuti pa malo amenewo panali msasa wa amtengatenga a nkhondo ija, nchito imene inatenganso amuna ambiri m'midzi ya kwathu kuno. Lero ndi nyanja ina, ya anthu ndi katundu. Mseu uli wonse uli ndi malonda ace, ndipo masitolo ali pamwamba, pansi, ngakhale kunsi kwa nthaka. Nyumba yaikulu ya msika inapsa mu July 2021, ndipo pa 16 November 2024 nyumba ina yosanja inagwa ndi kupha anthu oposa 20. Mukalowa m'tinjira ta kunsi kwa nyumba, kumbukani kumene mwalowera.

Ciswahili sicibvuta munthu wa Cinyanja monga amaopera. Nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, nyama ndi nyama, moto ndi moto, maji ndi madzi, njia ndi njira. Nsima amati ugali. Cimene anthu a m'mbali mwa nyanja sakhululukira ndico kufunsa mtengo usanapereke moni. Kwa wamkulu mumati "Shikamoo," iye nayankha "Marahaba." Mukatero mufunse "Bei gani?" ndipo akachula mtengo munene "Punguza," ndiko kuti tsitsani. Tsiku loyamba musagule kanthu, mungoyenda ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Padzakhala anyamata odzipereka kukuperekezani, ochedwa madalali. Ena ndi okhulupirika, koma dziwani kuti phindu lao liri m'kati mwa mtengo umene mudzalipira. Pa ciri conse mwagula tengani lisiti, cifukwa a msonkho adzalifuna pa njira ndi pa Nakonde. Asilamu ndi ambiri m'derali, cotero bvalani modzilemekeza, ndipo musadabwe sitolo ikatsekedwa Lacisanu masana mwini wace atapita kukapemphera.

MASIKU ATATU OPANDA NDALAMA

Tsopano ndifike pa cimene cinandilembetsa nkhani ino. Ndalama zimene tinapita nazo sizinali za mlongo wanga yekha. Zinali za cilimba ca azimai anzace, amene anasonkha miyezi yambiri nampatsa iye kuti akawagulire onse. Poopa akuba a pa njira ndinamlangiza, monga munthu wophunzira wa m'banjamo, kuti tiziike ku banki ndi kuzitulutsa ndi foni tikafika. Ndisananyamuke ndinapita ku ofesi ya kampani ya mafoni kukafunsa ngati nambala yanga idzagwira nchito kunja, cimene iwo amati roaming. Anandiuza kuti zonse ziri bwino.

Titaoloka malire nambala ija inafa. Sindinade nkhawa, pakuti ndinati ndidzagula SIM ya kumeneko. Ndinaigula, ndipo apa pali langizo: kucokera mu 2019 dziko la Tanzania limafuna kuti SIM iri yonse ilembetsedwe ndi zidindo za zala, ndipo mlendo amaonetsa pasipoti. Pitani ku sitolo yeniyeni ya kampani. SIM yogula pa mseu, yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina, ingatsekedwe tsiku liri lonse pamodzi ndi ndalama zimene mwaikamo, ndipo simudzakhala ndi ponena.

Tsiku laciwiri mlongo wanga anasankha zitenje zace, mitengo anagwirizana, mitolo inamangidwa. Ndinatsegula pulogalamu ya banki pa foni. Makina a kampaniyo ataona kuti ndiri m'dziko lina anandiyesa mbala, natseka khomo, nati anditumizira nambala yacinsinsi yotsegulira. Anaitumiza ku nambala yanga ya ku Zambia, yakufa ija. Ndinayesa kachitatu konse mwa njira zina, ndipo pali ponse yankho linali lomwelo. Ngakhale bokosi langa la makalata a pa intaneti linadzitseka pa cifukwa cimodzi-modzi, nalonso likutumiza kiyi yace ku nambala yomweyo. Zinali ngati munthu wakutsekera kunja kwa nyumba yako, ndipo pofuna kukuthandiza waponya kiyi m'kati kudzera pa windo.

Nambala yaifupi yaulere yodandaulirapo imagwira nchito uli m'dziko lako lokha. Ndinapeza ina yaitali, ndinaimba pa mtengo wa kunja, ndipo anandiyankha mau ojambulidwa a mzimai waulemu wondiuza kuti ndidinize 1, kenaka 3, kenaka ndidikire. Anandiimbira nyimbo kufikira ndalama zoimbira zinatha. Ndinalemba uthenga pa tsamba lao, nandiyankha kompyuta yodziyesa munthu, yokhala ndi dzina ndi nkhope yomwetulira. Ndinaifotokozera kuti nambala yanga siigwira nchito kunja. Inandithokoza cifukwa ca funso langa ndi kundiuza kuti yanditumizira nambala yacinsinsi pa nambala yomweyo.

Masiku atatu anapita motero. Tsiku liri lonse cipinda cogona cinali kudya ndalama, ndipo kumudzi azimai a cilimba anayamba kufunsa cifukwa cace katundu sanakwere basi. Ali yense wodziwa mudzi adziwa kuti funso lotere siliima pa katundu. Likapitirira limafika pa dzina la munthu, ndipo dzina la mlongo wanga ndilo cuma cace cokha pa malonda. Iye sanandidzudzule. Anangomasula mfundo ya pa citenje cace, m'mene anamangamo ndalama zina osandiuza, monga amacitira amai athu popita ku cigayo. Ndalama zimenezo ndizo zinatidyetsa ndi kutigoneka. Mwini sitolo, mkulu wacisilamu amene tinali kumvana naye ndi manja ndi Ciswahili cothyoka, anaika mitolo yathu pambali osalandira kanthu.

Anatipulumutsa ndi msuweni wathu wa ku Lusaka, amene anasiya nchito yace nakaima pa mzere ku ofesi ya kampani ya mafoni kufikira anapeza kalaliki wacitsikana wofuna kumvetsera. Mtsikanayo anandiimbira pa nambala ya ku Tanzania, nandifunsa mafunso otsimikizira kuti ndine mwini, napeza kuti cija anandilonjeza sicinatsegulidwe konse. Anacikonza pa mphindi zosakwana zisanu. Pomwepo mauthenga onse a masiku atatu anatuluka pamodzi ngati inswa pambuyo pa mvula, onse atatha kale nchito.

Sindinena kuti makampani alakwa pocinjiriza ndalama zathu kwa akuba, pakuti akuba alipodi. Dandaulo langa ndi lakuti pogulitsa amatuma anthu, koma pomva madandaulo amatuma makina. Pa mphambano iri yonse, ku Chipata ngakhale ku Kariakoo, pali mnyamata pansi pa ambulera wokonzeka kukulembetsa. Bvuto likabwera anthu onsewo amazimirira, natsala mau ojambulidwa olankhula Cingelezi. Kucotsa ndalama m'foni yako kumatenga kamphindi, koma kubweza imene yasokera amati udikire masiku a nchito. Mabandulo a intaneti amene wagula ndi ndalama yako amafa pakati pa usiku ngakhale sunawagwiritse nchito. Ndani anagulapo shuga amene wa sitolo amabwera kudzatenga wotsala tsiku likatha? Njira zimenezi anazikonza anthu oganizira munthu wa m'tauni, wodziwa Cingelezi, wokhala pafupi ndi ofesi. Mai wa ku Chadiza amene waoloka malire ndi ndalama za anzace sanamuike m'maganizo.

Kunena zoona, si ndalama yonse yodulidwa imene imapita ku kampani. Boma la Tanzania linaika msonkho pa ndalama zotumizidwa pa foni mu July 2021, umene anthu amati tozo, ndipo unatsitsidwa pambuyo pa madandaulo. Kwathu kuno msonkho wa mtundu umenewu unayamba mu January 2024. Cotero musanatumize kapena kutulutsa ndalama kwa wakala, ndilo dzina la a m'timisasa ta ndalama kumeneko, m'funseni ndalama yonse imene idzadulidwa.

Nthawi zinanso intaneti imazima kwa onse. Nthambo zimene zimanyamula mauthenga pakati pa maiko zimayenda pansi pa nyanja, ndipo zina zimatulukira pa gombe la Dar es Salaam, yoyamba ya SEACOM itafika mu 2009. Pa 12 May 2024 nthambo ziwiri zinaduka m'nyanja ca kum'mwera, ndipo kwa masiku angapo intaneti ya mu Tanzania inali kukwawa. Pa cisankho ca pa 29 October 2025 intaneti inazimitsidwa m'dziko lonselo kwa masiku angapo pakati pa cipwirikiti, ndipo apaulendo ambiri anasowa njira yolankhulira ndi kwao kapena yotulutsira ndalama. Nthawi ya cisankho si nthawi yopita kukagula katundu m'dziko la eni.

Mapulogalamu oitanira galimoto pa foni amathandiza mlendo kudziwiratu mtengo, koma naonso si mwala. Mu April 2022 kampani ya Uber inaimitsa nchito zace mu Tanzania posagwirizana ndi malamulo atsopano a mitengo, ndipo amene anali kudalira iyo yokha anadzuka alibe cokwera. Mukaitana galimoto motere, woyendetsa adzakuimbirani m'Ciswahili kufunsa pamene muli, pakuti kadontho ka pa mapu kamasocera pakati pa nyumba zosanja. Imani pafupi ndi cizindikiro codziwika, monga mzikiti kapena banki, ndipo yerekezani nambala ya galimoto ndi imene yalembedwa pa foni musanakwere. Mapu a pa foni sadziwa kuti pa Jangwani padzaza madzi. Wogulitsa madafu pa ngodya adziwa.

Akuba naonso analowa m'foni. SIM yatsopano isanathe tsiku mungalandire uthenga wakuti "tuma kwenye namba hii," kutanthauza kuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi. Amauponya kwa anthu zikwi-zikwi akuyembekeza kuti mmodzi ali pakati pa malonda. Aliponso amene amaika zithunzi za katundu wokongola pa Facebook ndi WhatsApp, nadzicha eni masitolo a ku Kariakoo kapena othandiza kuombola magalimoto pa doko, napempha kuti mulipiriretu muli kwanu. Cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama ituluke pamene mwaona sitolo, katundu ndi nkhope, ndipo wa magalimoto akuonetseni ofesi ndi laisensi yace.

Ndikadzapitanso ndidzacita motere. Ndalama ndidzazigawa patatu: zina ku banki, zina pa foni, zina pa thupi. SIM ya kwathu idzakhala m'foni ya malo awiri, iri ndi ndalama pang'ono, ndipo ndidzaiyesa pa Tunduma ndisanakwere basi ya ku Dar es Salaam, pamene kubwerera ku Nakonde kukali kwa miyendo. Ku banki ndidzawauziratu kuti ndiri kupita kunja, ndi kupempha nambala yaitali yoimbira uli m'dziko lina. Ndidzaletsa foni kudzikonza yokha pa intaneti, pakuti imameza bandulo ya mlungu pa usiku umodzi. M'kabuku ka m'thumba ndidzalemba manambala a abale, dzina ndi mseu wa nyumba yogona, nambala ya pasipoti, ndi kumene kuli ofesi ya kazembe wa Zambia m'mzindamo. Pepala silifuna kuchaja.

Amene walakwiridwa asangodandaulira m'basi. Dandaulo liyambire ku kampani, ndipo muumirire kuti akupatseni nambala ya dandaulolo ndi kulemba tsiku. Akapanda kukuthandizani, nkhani za mafoni zimapita ku bungwe la ZICTA, za ndalama ku Bank of Zambia, ndipo ku Tanzania bungwe loyang'anira mafoni ndi TCRA. Mabungwe amenewa anaikidwa ndi lamulo cifukwa ca ife, ndipo sangadziwe kukula kwa bvuto ngati a kumidzi akhala cete.

Ife tinalipira mkulu uja tsiku lacisanu, ndipo anationjezera citenje cimodzi ca mphatso. Mitolo inakwera, pa Nakonde tinaonetsa malisiti ndi kulipira msonkho, ndipo azimai a cilimba analandira katundu wao mocedwa ndi mlungu umodzi. Phindu la ulendowo linacepa ndi ndalama za cipinda ndi zoimbira. Basi ya kwathu itaoloka mlato wa Luangwa, foni inalira m'thumba. Unali uthenga wocokera ku kampani ija, wondipempha kuti ndisankhe nambala kuyambira 1 kufikira 5 posonyeza m'mene ndakondwera ndi cithandizo cao. Ndinaonetsa mlongo wanga. Anauwerenga pang'ono-pang'ono, nandibwezera foni, napitiriza kusenda nthoci imene anagula pa Luangwa.